Mbiri ya Fomu, Kuchokera m'Kaundula wa Msonkho Kufika pa Foni ya m'Manja

Mu Seputembala 2018 alembi a kalembera anayenda m'midzi ndi m'matauni a Malawi atanyamula matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala imene anzawo ananyamula mu 2008, ndipo anawerenga anthu 17,563,749. Mu 2022 maiko a Zimbabwe ndi Zambia nawonso anawerenga anthu awo mwa njira yomweyo. Kwa munthu woyankha, kusiyana kunaoneka kochepa, pakuti mafunso anali omwe aja a dzina, zaka ndi kumene munthu anabadwira. Komabe chinthu chimodzi chinali chitasintha. Pepala limalandira chilichonse chimene cholembera chalemba, pamene fomu ya pafoni imatha kukana yankho, ndipo ikakana, mlembi sangapite ku funso lotsatira. Mbiri ya fomu ikuonetsa mmene mphamvu yovomereza kapena kukana yankho inachokera pang'onopang'ono m'manja mwa mlembi amene wayang'anizana ndi munthu, n'kupita kwa wokonza fomu amene munthuyo sanamuonepo.

M'dera limene lero kuli Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi chigawo cha Tete, fomu inafika limodzi ndi msonkho. Dziko limene linadzatchedwa Nyasaland litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkho sutoleredwa popanda kaundula. Kalaliki wa ku boma ankalemba dzina la mwamuna, mudzi wake ndi mfumu yake. Amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ku minda ya azungu ya ku Southern Rhodesia kapena ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt, ankayenda ndi chitupa. Mapepala onsewa anakonzedwa ndi anthu amene kwawo munthu amakhala ndi dzina lake ndi dzina limodzi la banja lochokera kwa bambo. Mchewa anali ndi dzina la ubwana, lina la ku chinamwali, mwina lina la ubatizo, komanso mfunda wake. Bokosi la dzina la banja linkafuna limodzi lokha. Ambiri anaikamo mfunda, Phiri kapena Banda, ena dzina la bambo kapena la agogo, ndipo kalaliki ankalemba monga khutu lake lamvera.

Ngakhale kaundulayu anali chida cha atsamunda, pepala lake linali ndi m'mphepete. Kalaliki ankatha kuwonjezera dzina lachiwiri pambali, kufufuta zimene walakwitsa, kapena kusiya bokosi lopanda kanthu munthu akati sakudziwa. Ufulu womwewo ndi umene unkatsegula khomo la ulesi, ziphuphu ndi zolemba zosawerengeka. Aliyense amene anayesa kukonza fomu m'zaka zotsatira ankalimbana ndi zolakwa za kalaliki, ndipo nthawi iliyonse imene anatseka mpata wa cholakwa, anatsekanso kagawo ka m'mphepete muja.

Kusintha koyamba kunachitikira ku America. Zotsatira za kalembera wa dzikolo wa 1880 zinatenga zaka pafupifupi 8 kuti ziwonkhetsedwe zonse pamanja, ndipo panali mantha akuti wa 1890 sadzatha wina asanafike. Herman Hollerith anapanga makina owerenga makhadi obowola. Yankho lililonse la pa fomu, monga mwamuna kapena mkazi, wokwatira kapena wosakwatira, linapatsidwa malo ake pa khadi. Kalaliki ankabowola malowo, singano za makina zinkadutsa m'mabowo n'kulumikiza magetsi, ndipo muvi wowerengera unkasuntha kamodzi. Anthu oposa 62 miliyoni anawerengedwa mofulumira kwambiri kuposa kale. Koma bowo liribe m'mphepete. Yankho limene silinapatsidwe malo pa khadi linkayenera kukankhidwira m'gulu lina loyandikana nalo, apo ayi silikanawerengedwa.

Kampani ya Hollerith inaphatikizana ndi ena mu 1911, ndipo mu 1924 inatenga dzina lakuti IBM. Mu 1928 inatulutsa khadi la mizere 80 yotsika, mzere uliwonse wonyamula chilembo kapena nambala imodzi. Malire amenewa analamulira ntchito za m'maofesi kwa zaka pafupifupi 50. Dzina lalitali linkadulidwa kuti likwane m'malo ake. Chaka chinkalembedwa ndi manambala awiri omaliza okha pofuna kusunga malo, chizolowezi chimene chinadzachititsa nkhawa yaikulu pa dziko lonse chaka cha 2000 chikuyandikira. Kuyambira nthawi imeneyo wokonza fomu ankayamba waganizira zimene makina angalandire, zimene munthu anganene n'kubwera pambuyo.

Mu 1971 IBM inatulutsa makina otchedwa 3270, sikirini ndi kiyibodi zolumikizidwa ku kompyuta yaikulu. Pa sikiriniyo panali malo a mitundu iwiri: otsekedwa, pamene panalembedwa funso, ndi otseguka, pamene kalaliki ankalembapo yankho. Batani la Tab linkamudumphitsa kuchoka pa danga lina kupita pa lina, ndipo danga linkatha kuikidwa kuti lizilandira manambala okha. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maofesi a boma anadalira makina otere kwa zaka zambiri. Intaneti inatengera maganizo omwewo. Malamulo a HTML 2.0 a mu 1995 anakhazikitsa zida zimene zikuonekabe lero: danga lolembamo, kabokosi kochongamo, mndandanda wosankhapo ndi batani lotumizira. Apa kalaliki anayamba kuchoka pakati, mwini nkhani n'kumadzaza yekha, popanda womufunsa akasokonezeka.

Mafomu onsewa anali otambalala ngati pepala, ndipo vuto latsopano linabwera sikirini itachepa. Kampani ya Palm inatulutsa kakompyuta kake ka m'manja mu 1996, ndipo anthu a zaumoyo anaona mwayi. Pa nthawiyo kafukufuku wa katemera kapena wa matenda ankalembedwa pamapepala, mapepalawo n'kudikira galimoto yopita ku likulu, kumene makalaliki awiri ankataipa fomu imodzimodzi aliyense payekha kuti zolakwa zioneke poyerekeza. Zotsatira zinkatuluka patapita miyezi. Dokotala wa ana Joel Selanikio ndi mnzake Rose Donna anayambitsa bungwe la DataDyne, limene linapanga pulogalamu ya EpiSurveyor. Pulogalamuyi inayesedwa ku Kenya ndi ku Zambia m'zaka za m'ma 2000, ndipo inalola wogwira ntchito ya zaumoyo kudzikonzera yekha fomu popanda kulemba ganyu katswiri wa makompyuta. Sikirini yake inali yaing'ono ngati chikhato, choncho tsamba lonse la mafunso silikanakwanapo.

Njira imodzi yothetsera vutoli inakhwimira ku Lilongwe. Mu 2001, ku nthambi ya ana ya chipatala chachikulu chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika timakompyuta ta sikirini yodina ndi chala, topanda kiyibodi. Anamwino ndi makalaliki ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndipo mzere wa odwala sunkalola kuphunzira kwa masiku ambiri. Okonzawo anaganiza zoti sikirini iliyonse izifunsa funso limodzi, ndi mabatani akuluakulu, munthu akayankha n'kupita ku sikirini ina. Pamapeto makina ankasindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Mu 2006 dongosolo la mtundu womwewo linafika ku kiliniki ya ma ARV ya ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Izi zinachitika iPhone isanatuluke mu 2007. Patapita zaka, okonza masamba a pa intaneti a boma la Britain nawonso, mwa kufufuza kwawo, anafika pa mfundo yofanana, yakuti tsamba lililonse lizifunsa chinthu chimodzi.

Kumudzi kunalibe sikirini zotere, koma kunali mafoni a mabatani. Mu 2008 Josh Nesbit, wophunzira wa ku yunivesite ya Stanford, anagawa mafoni kwa anthu odzipereka othandiza odwala m'midzi yozungulira chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, n'kuwalumikiza ndi chipatalacho kudzera mu pulogalamu ya FrontlineSMS. Mu 2009 UNICEF ndi ophunzira a ku yunivesite ya Columbia anayesa RapidSMS pa ntchito yotsata kakulidwe ka ana m'Malawi. Mlangizi wa zaumoyo ankalemba mu uthenga umodzi nambala ya mwana, zaka, kulemera, kutalika ndi kukula kwa mkono, motsatana monga anaphunzitsidwira, ndipo makina ankayankha nthawi yomweyo, kumuchenjeza ngati mwanayo ndi wonyentchera. Mu 2011 kunabwera cStock, imene alangizi ankanenera mankhwala otsala m'zipatala za m'midzi. Apa fomu inalibe mabokosi ooneka ndi maso. Inali m'mutu mwa mlangizi, ndipo akasemphanitsa kulemera ndi kutalika, uthenga unkabwezedwa kapena kulowa molakwika.

Uthenga wa pafoni uli ndi malire ake amene amakhudza chinenero. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, pokhapokha zonsezo zikhale za pa mndandanda umene mainjiniya a ku Ulaya anakonzera mafoni a GSM. Chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina lakuti Malaŵi, pa mndandandawo palibe. Chikangolowa kamodzi, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 zokha, ndipo wotumiza amalipira mauthenga angapo m'malo mwa umodzi. Mafomu a USSD, aja oyamba ndi nyenyezi n'kutha ndi hashi, amene anthu anawazolowera Airtel Money itayamba m'Malawi mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, salola kupyola zilembo 182 pa sikirini imodzi. Chichewa chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi ndipo mawu ake amatalika, motero womasulira amakakamizika kudula mawu kapena kusiya Chingerezi mmene chilili.

Foni yamakono inasonkhanitsa njira zonsezi pamodzi. Mu 2008, chaka chimene foni yoyamba ya Android inatuluka, Gaetano Borriello wa ku yunivesite ya Washington ndi ophunzira ake, ena mwa iwo Yaw Anokwa ndi Carl Hartung, anayamba ntchito yotchedwa Open Data Kit. Pulogalamu yawo inkaonetsa funso limodzi pa sikirini, inkajambula zithunzi, inkalemba malo amene munthu waima, ndipo inkasunga mayankho m'foni mpaka netiweki itapezeka. Pambuyo pake kunabwera XLSForm, njira yokonzera fomu m'tebulo wamba la Excel, imene KoboToolbox ndi mapulogalamu ena amagwiritsanso ntchito. Mzere uliwonse wopingasa ndi funso limodzi. Mzere wotsika wotchedwa type umanena mtundu wa yankho, kaya nambala, tsiku, mawu kapena chosankha pa mndandanda. Wa label umanyamula mawu amene munthu adzawerenge. Wa relevant umanena nthawi imene funso lidzaoneke, wa constraint umaika malire a yankho, ndipo wa required umanena ngati funso lingadumphidwe. Tsamba lina lotchedwa choices limasunga mayankho onse ololedwa.

Phindu la kakonzedwe kameneka ndi lenileni. Mwamuna safunsidwanso ngati ali ndi pakati, chifukwa funsolo limabisika lokha. Mwana wa miyezi 6 sangalembedwe kuti akulemera makilogalamu 70, pakuti fomu imakana mlembi adakali pakhomo pomwepo, pamene angathe kuyezanso. Funso la nambala limatsegula mabatani a manambala okha, ndipo Google imalangiza kuti batani lisachepere mamilimita 9 kuti chala chisadine loyandikana nalo. Kutaipa kawiri ku likulu kunatha. Kalembera wa Malawi wa 2018 anagwiritsa ntchito CSPro, pulogalamu ya ofesi ya kalembera ya ku America, yomwe ija inayamba kugwiritsa ntchito makina a Hollerith, ndipo lipoti lake lalikulu linatuluka mu Meyi 2019, pasanathe chaka.

Mtengo wake umaonekera pa mafunso amene wokonza fomu amawayesa osavuta, ndipo loyamba ndi tsiku lobadwa. M'Malawi lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo anthu oposa 9 miliyoni amene analembetsa ziphaso za unzika mu 2017 anabadwa lamulolo lisanakhalepo. Alembi a kalembera akale ankayenda ndi mndandanda wa zochitika, monga Napolo wa ku Zomba wa 1946, njala ya 1949 ndi ufulu wa 1964, n'kumafunsa agogo ngati pa nthawiyo anali atatha msinkhu. Akatswiri a chiwerengero cha anthu amadziwa kuti kumene anthu sadziwa zaka zawo, mayankho amaunjikana pa manambala otha ndi 0 kapena 5. Fomu ya pafoni yofuna tsiku, mwezi ndi chaka, yopanda batani lakuti munthu sakudziwa, imakakamiza mlembi kupeka, ndipo ambiri amasankha 1 Januwale. Tsiku lopekalo likalowa m'kompyuta limaoneka lodalirika ngati lenileni, n'kudzalamulira chaka chopumira pa ntchito. OpenMRS, pulogalamu yosunga mbiri za odwala imene inayamba mu 2004, inaika danga lapadera losonyeza kuti tsiku lobadwa n'longoyerekeza, ndipo kadanga kameneko kanabwezeretsa mbali ina ya m'mphepete muja.

Dzina ndi keyala nazo zili ndi misampha yake. Mafomu ambiri amakana chizindikiro cha m'mwamba chimene chimasiyanitsa ng' ndi ng, motero a Ng'oma amasanduka a Ngoma, ndipo dzina la pa fomu silifanananso ndi la pa chiphaso. Banja limodzi lingalembedwe Chirwa kwina ndi Chilwa kwina, ndipo ku Mozambique kalembedwe ka Chipwitikizi kamaika nh pamene ena amalemba ny, mwakuti makina ofufuza dzina amaona anthu awiri pamene pali mmodzi. Chitupa cha unzika cha ku Zambia chimatchula mudzi, mfumu ndi boma, monganso mafomu a boma a m'Malawi, koma pulogalamu yokonzedwera ku London imafuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Danga la nambala ya foni lolandira manambala a dziko limodzi lokha limatsekera kunja m'bale wa ku Johannesburg, amene mwina ndiye wolipira fizi kapena bilu ya kuchipatala.

Mndandanda wosankhapo umatha kugawa kapena kulumikiza anthu. Mu 1968 boma la Malawi linasankha dzina lakuti Chichewa m'malo mwa Chinyanja, pamene Zambia ndi Mozambique anasunga dzina lakale. Kalembera wa Malawi wa 1998 anaika Chichewa ndi Chinyanja m'mabokosi awiri, ndipo anapeza anthu 57 pa 100 alionse m'bokosi loyamba ndi pafupifupi 13 m'lachiwiri. Wa Zambia wa 2010 anachitanso chimodzimodzi, Chinyanja n'kupeza pafupifupi 15 pa 100 ndi Chichewa pakati pa 4 ndi 5. Koma m'malamulo a ISO amene mafoni amatsata posankha chinenero, zonsezi ndi chinenero chimodzi cha chizindikiro cha ny. Kaya olankhula ake aoneke ochuluka kapena ogawikana, zimadalira amene analemba mndandandawo, ndipo ziwerengero zoterezi ndi zimene maboma amayang'ana pokonza mabuku a sukulu ndi nthawi ya pa wailesi.

Ana ndi adzukulu a anthu aja anapita ku Southern Rhodesia ndi zitupa akudziwa kulemera kwa bokosi limodzi. Ambiri a iwo, obadwira ku Zimbabwe komweko, anali ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kunafuna kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo, ndipo ogwira ntchito m'minda ndi m'migodi ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anataya unzika ndi ufulu wovota. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anazindikira ngati nzika anthu obadwira m'dzikolo kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, komabe aliyense ankayenera kupita yekha ku ofesi kukasinthitsa chiphaso. Zolembedwa m'kaundula sizisintha zokha lamulo likasintha, ndipo kaundula wa m'kompyuta amakopedwa kuchoka ku ofesi ina kupita ku ina mofulumira kuposa wa pepala, pamodzi ndi zolakwa zake.

Lero mafomu ambiri a zaumoyo, a ulimi ndi a chithandizo cha pa nthawi ya njala amamasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chinyanja, ndipo XLSForm imalola kuwonjezera mzere wa chinenero chilichonse pambali pa wa Chingerezi. Kawirikawiri womasulira amaitanidwa fomu itatha kale, n'kupatsidwa mzere wa label wokha. Pamenepo amatha kukonza mawu, kusankha pakati pa banja, khomo ndi nyumba pomasulira gulu la anthu odyera m'poto mmodzi, ndi kuonetsetsa kuti funso likulemekeza wamkulu. Koma zoti tsiku lobadwa lingakhale longoyerekeza, zoti dzina la Ng'oma lilandiridwe mmene lilili, zoti mudzi ndi mfumu zikwanire ngati keyala, zoti pakhale batani lakuti sindikudziwa ndi danga lofotokozera zina, zonsezi zimalembedwa m'mizere ya type, constraint ndi required ndi pa tsamba la choices. Mizere imeneyi sifuna digiri ya makompyuta, pakuti ili m'tebulo lomwelo la Excel, pafupi ndi mzere umene womasulira wapatsidwa. Mabungwe amene amakhazika olankhula chinenerocho patebulopo kuyambira tsiku loyamba, n'kukayesa fomu kwa alangizi a zaumoyo ndi okalamba a m'mudzi isanatumizidwe m'mafoni mazanamazana, amapeza mabokosi osowawo nthawi idakalipo yowawonjezera.